Tsiku Lomwe Ndinavina Nditabereka Mtsuko wa Apongozi

Ndiyambe ndi kuulula, poti ukalamba wandichotsera manyazi pamodzi ndi tsitsi. Ine mpaka imvi kumera ndinkakhulupirira kuti Mlomwe saphunzira tchopa. Ndinkati guleyu amakhala m'mawondo chibadwire, ali gone, ndipo ng'oma ikangolira amadzuka yekha. Ndinkauza anthu zimenezi m'maso muli gwa, pa bawo, pa maliro, ngakhale pa mzere wa kuchigayo. Chonsecho mwiniwakene ndinali ndisanaponyepo phazi m'bwalo la gule. Ndinakulira m'malaini a kuesiteti ya tiyi, ndipo kasukulu kanga kochepako ndinaphunzira kwa aphunzitsi amene ankati ng'oma ya kumudzi ndi belu la Satana. Sukuluyo ndinaisiyira sitandade faifi, kenaka zaka zonse zamphamvu ndinathera pa sikelo, kuyeza madengu a tiyi. Nthawi yovina ikanachokera kuti?

Koma nyimbo ndinkazikonda, bola pasakhale munthu woima pageti ndi kabuku ka matikiti. Chibwerereni matipate, moyo wa munthu ngati ine unakoma. Chipani chilichonse chinkabwera ndi oimba ake pa lole, ndipo ine ndinkapezeka pa misonkhano yonse mosakondera. Ndinkakweza dzanja mmene akukwezera a pamenepo, mwina ndi mwina n'kusokoneza, n'kunamizira kukanda kumutu. Oimba a ku Blantyre akabwera pa Chitakale kumapeto kwa mwezi, anzanga ankakhuthula malipiro awo pakhomo, pomwe ine ndinali nditazindikira kale kuti nyimbo siidziwa mpanda. Kuseri kwa bala ija kunali mtengo wa mango wokhala ndi muzu wonga mpando, ndipo nyimbo zonse zinkandipeza pamenepo zili zatsopano. Makwaya akamapikisana ku Mishoni, ndinali kutsogolo. Ukwati wa anthu osawadziwa, akuchimuna ndinkawauza kuti ndine wakuchikazi, akuchikazi n'kuwauza kuti ndine wakuchimuna. Mayi a kunyumba kwanga ankati fungo la zaulere ndimalimva msanga kuposa ntchentche.

Ndiye kunadza chikondwerero cha ife Alomwe chimene chimachitika pa Chonde chaka ndi chaka m'nyengo yotentha. Kulowa n'kwaulere, magule tsiku lonse, oimba a magitala chakumadzulo. Vuto linali limodzi. Ife timakhala mbali ya ku Muloza, kufupi ndi malire, ndipo tsiku limenelo a minibasi amakweza mtengo ngati akupita nawe ku Joni. Zaka ziwiri ndinangomvera pa wailesi ya aneba, mtima ukuwawa. Chaka chachitatu ndinamva kuti ovina amanyamulidwa pa lole osalipira, ndipo akatha kuvina amapatsidwa mpunga wa nyama.

Wotsogolera gulu la tchopa m'mudzi mwathu anali alamu anga, mchimwene wawo wa mayi a kunyumba. Ndinawapeza pansi pa mtengo akuwamba ng'oma.

"Alamu, mwasochera? Kuno kulibe zogawa lero," anatero osadzutsa mutu.

"Ndabwera kudzakupulumutsani. Ndamva kuti mmodzi mwa anthu anu watupa mwendo."

"Inuyo mumavina?"

"Kafunseni achemwali anu."

"Achemwali angawo akuti ngakhale kutchalitchi mumawomba m'manja mosemphana ndi anzanu."

"Kumeneko n'kutsogola, alamu. Enawo ndiwo amachedwa."

Anaseka mpaka kutsokomola, koma munthu anali akusowekadi, ndiye anandilemba. Anati ndizibwera masana aliwonse kudzaphunzira masitepe. Ndinapitako kamodzi, chakumapeto, nthawi yomwe ankagawana thobwa. Kuphunzira chinthu choti uli nacho kale m'mawondo ndinkakuona ngati kunyoza makolo.

Wovina tchopa salowa m'bwalo chimanjamanja. Amavala zikopa, nthenga kumutu, mangenjeza m'miyendo, ndiponso amabereka katundu kumsana: makasu akutha, zipande, malichero ong'ambika, chilichonse chakale, monga ankayendera makolo athu nyumba yonse ili kumsana. Katundu ameneyu aliyense amadzifunira yekha. Mayi a kunyumba anali atatsogola masiku awiri m'mbuyomo kupita kwa mng'ono wawo ku Chinakanaka kukaphika kalongonda wokagulitsa ku chikondwereroko. Kalongonda ndi nyemba zathu zija zofunika kuphika usana ndi usiku, kutaya madzi kangapo, apo ayi wakudyayo amayamba kupereka moni kwa mitengo. Choncho m'nyumba ndinali ndekha, wopanda womufunsa, ndipo kunena zoona ngakhale akanakhalapo sindikanafunsa.

Zikopa ziwiri za mbuzi ndinabwereka kwa aneba. Nthenga anapereka tambala wathu, mosakondwa. Ndinapeza lichero lobooka ndi khasu lotsala ngati supuni. Komabe katunduyo ankaoneka wochepa, wosayenera munthu wamkulu. Nditasuzumira pansi pa bedi, kukona kwenikweni, ndinaona chinthu chokulungidwa mu kapulana yofwifwa, chitenje cha ku Mozambiki. Kumasula, ndi kamtsuko kadothi, kakuda bii, ka timizere m'khosi. Ndinati mayi amenewa n'kusunga zinyalala. Chakale choposa ichi ndikachipeza kuti? M'mawa wa tsikulo ndinaumanga kumsana ndi linya la m'matayala, mfundo zake zomangira matumba a tiyi, zoti sizimasuka popanda mpeni. Pamwamba ndinafundika chikopa chimodzi, china n'kumanga m'chiuno, n'kukakwera lole.

Pa Chonde tinafika dzuwa litakwera. Fumbi, anthu osaona pothera, utsi wa kanyenya, fungo la otheka, mowa wathu uja, ng'oma uku ndi uku. Ogulitsa gondolosi anandiitana katatu konse, "Madala, madala, mankhwala anu awa," ndipo ndinakhumudwa kuti pa anthu onsewo aona bwanji ine. Lole inatitsitsa n'kubwerera kukatenga ena. Tinadikira mpaka masana, kenaka mnyamata wa wezulo anatiimika pa mzere pakhomo la bwalo, pakati pa zingwe ziwiri, gulu lina litatipanikiza kumbuyo.

Pamenepo mpomwe chikopa chija chinasendera pambali. Alamu anali kumbuyo kwanga akuwerenga anthu awo, ndipo ndinamva atasiyira pakati.

"Alamu, mtsuko uwu mwautenga kuti?"

"Pansi pa bedi. Ngwakale mokwanira eti?"

Anakweza chikopa chija n'kuyang'anitsitsa timizere ta m'khosi.

"Umenewu ndi wa amayi."

Ndifotokoze, kuti musandiyese chitsiru kuposa mmene ndiliri. Nkhondo itavuta ku Mozambiki, apongozi anga anathawa wapansi, nyumba itatenthedwa, n'kuwoloka mtsinje wa Muloza madzi akulekeza m'chifuwa. Pa zonse zomwe anali nazo anapulumutsa mtsuko umenewu wokha, uli pamutu, m'katimo muli mbewu ya nandolo. Anauumba ndi amayi awo. Tsiku lomwe anafika pakhomo pathu ine ndinalipo. Koma kwathu kuno mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Nditangomva kuti ndi iwo, ndinathawira kuseri kwa nyumba n'kuwalonjera kudzera m'khoma. Zaka zonse mpaka kumwalira kwawo, tikakumana pa njira ine ndinkapatukira m'tchire maso ali pansi. Mapazi awo ndingawazindikire ngakhale lero, zala zake zonse. Koma chomwe chinali pamutu pawo sindinachionepo. Nkhani ya mtsuko ndinkaimva ndithu ikukambidwa, kungoti m'mutu mwanga unali chimtsuko chachikulu chokongola, osati kanthu kakuda kobisala pansi pa bedi langa lomwe. Ulemu ndi umene unandipusitsa.

Ndinakumbukira maenje onse omwe lole ija inadumpha ine nditatsamira chitsulo.

"Timasule," ndinatero.

Alamu anayesa mfundo imodzi ndi zala, kenaka ndi mano. "Munamanga ngati mukumanga wakuba. Ndipo tikamasula tiuika pati? Taonani miyendo yonseyi."

Ankanena zoona. Panalibe poika ngakhale dzira. Kutuluka pa mzere kunali kudzipanikiza pakati pa anthu oledzera, mtsuko uli kumbuyo komwe ndilibe maso. M'bwalo mokha ndimo munali malo.

"Mverani, alamu," anatero motsitsa mawu. "Achemwali anga akadwala amautulutsa mtsuko umenewu inu mutachokapo, n'kuugwira. Tsiku lomwe tinaika amayi m'manda, achemwaliwo anagona ataukumbatira. Ukasweka, mukangofika kumudzi mukatenge bulangeti lanu. Nyumba ija munamanga pa dothi lathu, musaiwale."

Ine ndi alamu takhala tikunyozana chikwatirireni. Aka kanali koyamba kundilankhula osaseka.

Wezulo inalira. Ng'oma zathu zitatu zinayamba pakati pa bwalo, ndipo mzere unandikoka.

Ndinadikira kuti mawondo adzuke. Ndinawapatsa mpata ndithu. Ng'oma yaikulu inkagunda mpaka m'chifuwa, anzanga onse anawerama nthawi imodzi, kuponda pansi, kugwedeza misana, katundu wawo ali kwechekweche, fumbi lili koboo. Mawondo anga anali zii. Munalibe tchopa, munali nyamakazi yokha. Chikhulupiriro cha zaka makumi asanu ndi limodzi chinathera pomwepo, ndipo ndinalibe nthawi yochilira, chifukwa wa kumbuyo kwanga anali ndi uta pa phewa, ndipo nsonga yake inagogoda mtsuko. Gu. Kamawu kakang'ono, koma ndinakamva kuposa ng'oma zonse zitatu.

Ndinapititsa manja onse kumbuyo n'kugwira mtsuko kunsi. Msana ndinauwongola ngati mayi wosenza ndowa yodzaza. Kuwerama ayi, kudumpha ayi, kugwedeza ayi. Mapazi okha ndiwo ankakhwekhwereza pansi pang'onopang'ono. Anzanga akapita kumanja ine ndinkatsala, akabwerera n'kundipeza pomwepo. Kuti asandigunde ndinatuluka pa mzere n'kumazungulira ndekha kunja kwake, chammbali ngati nkhanu, nkhope kwa ovina, mtsuko kwa anthu oonera. Thukuta linkalowa m'maso, nthenga za tambala zitamatirira pachipumi.

Ndiye mkulu wa pa chimkuzamawu anandiona.

"Amayi ndi abambo, taonani gogo uyo ali payekhayo. Ana inu a masiku ano mumangodumpha ngati ziwala. Tchopa weniweni wa makolo, wochokera kutsidya, ndi ameneyo. Taonani ulemu wake. Taonani msana. Nkhope yokhayo ikuchita kuonetsa kuti akukumbukira mavuto a makolo athu."

Nthungululu zinabuka bwalo lonse. Ndinaponya diso kwa alamu. Ankavina milomo ikuyenda, ndipo sindikhulupirira kuti inali nyimbo.

Kutamandidwa n'koopsa. Amayi anayamba kuthamangira m'bwalo kudzandipukuta thukuta ndi zitenje, ena kufuna kundikumbatira, ndipo aliyense ankabwera cha kumbuyo. Ndinkatembenuka uku, kutembenuka uko, anthu n'kumati ndi sitepe. Anyamata awiri m'mbali mwa chingwe anayamba kunditsanzira, manja kumbuyo. Kenaka mu shedi ya alendo olemekezeka munatuluka bwana wina wa suti, wamimba yake, dzanja ngati chopondera njerwa. Anabwera akuvina, dzanjalo lili m'mwamba kuti andisisite pamsana monga amachitira akuluakulu akakondwa. Ndinamuzungulira. Iye anandizungulira. Tinazungulirana katatu ngati atambala, ine ndikumwetulira ndi mano onse kuti asakhumudwe, iye akuyesetsa kupeza msana wanga. Anthu anachita kugwa nako kuseka. Potsiriza anatopa, n'kundigwira tsaya, n'kubwerera ku mpando wake akupuma mwa befu.

Nditatembenuka ndinawaona. Mayi a kunyumba anali kutsogolo kwenikweni kwa chingwe, beseni la kalongonda lili m'chiuno, chikho choyezera chili m'manja. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana pamwamba pa phewa langa, pomwe panatulukira khosi la timizere lija. Ndawaonapo atakwiya kambirimbiri, ndipo ukali wawo ndimaudziwa mitundu yake yonse. Uwu sunali ukali. Nkhope inali ngati ya munthu woona mwana wake akuyenda m'mphepete mwa chitsime.

Anapatsira mng'ono wawo beseni, anamanga chitenje, anawerama pansi pa chingwe, n'kulowa m'bwalo akuvina. Mayi amene uja, wa mawondo ake odandaula m'mawa uliwonse, ankavina ngati mtsikana. Anthu anati gogo walandira mnzake, nthungululu zinawirikiza. Anadutsa kutsogolo kwanga osandiyang'ana, n'kukaima kumbuyo, pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wawo m'khosi. Anatambasula manja uku ndi uku ngati nkhuku yofungatira. Aliyense wofuna kundiyandikira ankakumana ndi chigongono chawo, iwo akumwetulira.

"Abambo," anatero m'khutu mwanga, mawu ali ozizira.

"Mayi, ndikhoza kufotokoza."

"Musafotokoze. Yendani. Mukamagwa, mugwere kutsogolo."

Tinazungulira bwalo lonse chomwecho, ine patsogolo ngati ngolo, iwo pambuyo ngati mwini ng'ombe. Nyimbo ya tchopa siitha msanga. Woimba akaona kuti anthu akondwa amaibwereza, ndipo tsiku limenelo anthu anakondwa kwambiri. Chingwe chomwe ndinamangira chikopa china m'chiuno chinayamba kumasuka, poti luso langa lonse la mfundo linathera kumsana. Ndinkachimva chikutsika, kuchoka m'chiuno kufika m'ntchafu, m'mawondo, koma manja anali ndi ntchito ina. Chitafika mu akakolo, ng'oma zinali pa liwiro lomalizira.

Ndinamvera malangizo. Ndinagwera kutsogolo, manja ali kumbuyo, ndipo choyamba kufika pansi chinali kamwa.

Ng'oma zinaleka nthawi yomweyo, moti ena anayesa kuti ndi mmene gule wa makolo amathera, n'kuyamba kuwomba m'manja. Ine ndinali chafufumimba, fumbi m'mphuno, ndikulawa magazi. Ndinamva mayi akuitanitsa mpeni kwa wogulitsa chinangwa. Anadula linya mosamala, mfundo imodzi imodzi, bondo lawo lili pamsana panga kuti ndisagwedezeke. Ananyamula mtsuko, anaupukuta ndi chitenje, anauyang'ana kuzungulira konse, n'kuukulunga. Kenaka anandidumpha n'kumapita. Amene anandidzutsa ndi alamu.

"Mwatsala ndi mano angati?" anafunsa.

Ndinayendetsa lilime. "Limodzi lachoka."

"Litoleni. Si la boma bwaloli kuti muzitayapo zinyalala."

Mpunga wa nyama unabweradi, wambiri, wonona. Ndinaupenya anzanga akudya, mlomo wanga utatupa ngati bondo. Oimba a magitala aja, omwe ndinavutikira zonsezi, anayamba ine nditagona pansi pa lole, nsanza yonyowa ili pakamwa. Anthu angapo anabwera kudzandifunsa kuti tchopa ameneyu ndinaphunzira kwa yani. Ndinkangoloza kum'mawa, kutsidya kwa malire.

Mayi sanadikire lole. Anakwera minibasi ya mtengo wokwera ija, mtsuko uli pamiyendo. Ine ndinafika kumudzi dzuwa lili pafupi kulowa, ndipo ndinawapeza atasesa kamalo pakhonde mpaka kuyera. Sanandilonjere. Anaika mtsuko pa malo ouma aja, anatunga madzi mu ndowa, n'kuthira mpaka m'khosi. Mtsuko ukhoza kuoneka wamphumphu chonsecho uli ndi mng'alu wosaoneka ndi maso, ndipo madzi okha ndiwo amaulula. Anakhala pansi mbali iyi. Ine ndinakhala mbali inayo, dzino lili m'thumba la malaya.

Ndakhalapo pa milandu, ndadikirapo kuchipatala, koma sindinayang'anepo chinthu mmene ndinayang'anira dothi la pansi pa mtsuko uja. Nyerere itadutsapo ndinaiyesa dontho. Nkhuku zinalowa m'khola. Aneba anabwera kudzafunsa zikopa zawo, ataona mmene takhalira anabwerera chimanjamanja. Kawiri ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese, kawiri konse mayi anangokweza chala. Ndinaganiza za bulangeti langa, kuti kodi kwathu kwenikweni kumene ndingalinyamulire n'kuti, poti malaini omwe ndinabadwira anagwetsedwa kalekale n'kubzalapo tiyi.

Mdima utayamba, ananyamula mtsuko n'kuuika pambali. Anayatsa machesi, anayang'ana pansi paja. Anapapasa ndi chikhatho. Anapapasanso kunsi kwa mtsukowo, n'kudzigwira patsaya kuti amve ngati dzanja lanyowa. Machesi anazima, ndipo sindinathe kuona nkhope yawo.

Anakhuthulira madziwo mu ndowa, n'kulowa nawo mtsuko m'nyumba. Ndinamva bedi likusunthidwa, kenaka sutikesi yawo ya loko ikutsegulidwa n'kutsekedwa. Atatuluka anali ndi kambale ka madzi ofunda a mchere ndi kansalu. Anandigwira chibwano, osati mwachifundo kwenikweni, n'kuyamba kuthowa mlomo uja. Ndinalira pang'ono. Anathowabe.

"Pouma," anatero.

Ndinafuna kuyankha, koma kansalu kanali pakamwa.

"Zaka zonsezi, abambo, munali musanandivinitsepo pa anthu. Ndi pa ukwati wathu pomwe munangokhala pa mpando ngati mlendo." Anaviika kansalu, n'kufinya. "Chaka chamawa tidzapitenso. Koma mudzabereke mtondo."